Madiramu a ku Coolock

A Enos amagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Coolock, kumpoto kwa Dublin. Amasambitsa madala achizungu, kuwameta ndevu, kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Eni akewo si mwana ayi. Mutu wonse ndi imvi, ndipo bondo lakumanja limalira akamakwera basi. Anzawo a pantchito amawadziwa kuti ndi bambo wosaseka chisawawa, wosachedwa pa shifiti, wodana ndi bodza ngakhale la nthabwala. Ndi ochepa amene akudziwa kuti bamboyu ndi woyimba ng'oma, ng'oma zachizungu zija zimakhala kumbuyo kwa bandi, ndi kuti makaseti a kumudzi amene muli dzanja lake angadzaze katoni ya sopo.

Mu Dublin monse munali malo amodzi okha amene a Enos ankatha kukhala kuseri kwa ng'oma n'kumenya mmene mtima ukufunira. Malo ake anali kampando kozungulira, kong'ambika pamwamba, m'kachipinda kopanda windo. Akanataya pamenepo, kunalibenso kwina.

Anakulira ku Bangwe. Malume awo pobwera kuchokera ku Joni anabweretsa galamafoni ndi mulu wa mbale za anthu akuda a ku Amereka, nyimbo zija amati soul. Pa mbale iliyonse panalembedwa dzina lina. Apa mwamuna wa mawu okhakhala, apa mkazi wolira ngati wafedwa, apa gulu loyimba mopokezana. Anthu ankamvera mawuwo, koma a Enos ankamvera za kumbuyo. Anayamba kuumirira kuti oyimbawo ndi osiyanadi, koma pa mbale zingapo womenya ng'oma ndi mmodzi yemweyo. Malume ankati akubwebweta. Iwo sankatha kufotokoza bwino, koma chimene ankamva n'chakuti ndodo ya munthuyo inkatera mochedwa pang'ono. Sikunali kuchedwa kolakwitsa. Kunali kuchedwa kwa munthu amene akuyenda pambuyo pa wamkulu m'kanjira, wosafuna kum'ponda chidendene.

Anali atakalamba kale, ali kuno, pamene mnzawo wina wa pantchito anawaonetsa pa foni mbiri ya mbale zimenezo. Ku Memphis, ku Detroit ndi kwina, masitudiyo ankakhala ndi mabandi awoawo, anthu olawirira kuntchito ngati a pafakitale. Woyimba ankabwera, kuyimba, n'kupita kukatchuka. Iwo ankatsala kudikira wotsatira. Ena mwa iwo anali azungu, zimene a Enos sanaziganizepo n'komwe. Mayina awo pa mbale zambiri panalibe. A Enos anabweza foniyo n'kunena kuti, "Ndiye kuti ntchito yake ndi imodzi kulikonse."

Ntchitoyo ankaidziwa. Nthawi imene makaseti ankayenda malonda, anali anthu anayi m'situdiyo ina ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya nsalu: iwo pa ng'oma, Tarsizio pa besi, wina pa gitala, wina pa limba. Makoma anawamata ndi mathireyi a mazira. Mmenemo munadutsa makwaya a amayi, anyamata a rege, alaliki, ndi bambo wina wosaona amene nyimbo zake zinalibe pothera. Onse ankalowa chipinda chimodzi, tepi n'kuyamba kuzungulira, ndipo wina akaphonya onse ankayambiranso. Woyimba ankaima moyang'ana galasi la wojambula, kotero a Enos ankangoona msana. Nkhope za oyimba ambiri anaziiwala, koma misana yawo akuikumbukira mpaka lero. Mapewa akakwera, munthuyo akukoka mpweya, m'dikire. Khosi likauma, mantha am'gwira, m'chepetsere phokoso. Akayamba kuthamanga, thamanga naye kaye, kenako uzim'koka pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Lamulo la m'chipindamo linali lakuti woyimba salakwa. Akalumpha mzere, nonse lumphani, kuti womvera aziti ndi mmene nyimboyo ilili.

Pa kaseti pankakhala chithunzi cha woyimba atavala suti yobwereka. Tisaname kuti zimenezi zinkawapweteka a Enos. Kutsogolo sankakufuna. Ankangofuna pokhala, ndi msana woti aziuyang'ana.

Makompyuta atafika, oyimba anaona kuti munthu mmodzi ndi kiyibodi akukwanira, ndipo situdiyo inayamba kukhala masiku osatsegula. Nthawi imeneyo woyimba wina wa nyimbo zauzimu anawatenga a Enos kudzasangalatsa Amalawi a ku Ireland. Woyimbayo anabwerera. A Enos anatsala, n'kupempha boma kuti liwasunge ngati wothawa kwawo. Zimene anakanena kumeneko sakambirana ndi munthu. Anawaika mu hositelo kunja kwa mzinda, kumene munthu ankadya chimene wapatsidwa, osaloledwa kugwira ntchito, n'kumadikira yankho. Zaka zinapita akumenya maondo awo ndi zikhato. Mmene mapepala ankatuluka, akazi awo a Esnat anali ataikidwa m'manda iwo kulibe, Tarsizio naye atatsikira kuli chete, ndipo m'chipinda cha mathireyi muja ankagulitsiramo simenti. Kubwerera sangabwerere, chifukwa zidzukulu ku Bangwe zikuphunzira ndi thukuta la ku Coolock. Kukhala akukhala, koma ngati munthu amene waima pa siteji.

Amagona ku Crumlin, m'chipinda cha pamwamba m'nyumba ya anthu ambiri. Khoma lake n'lopyapyala moti wa chipinda chinacho akatsokomola amamveka. Tsiku lina anayesa kumenya pilo ndi ndodo zawo, masana ndithu, koma nesi woyandikana nawo, amene amagona usana, anagogoda pakhoma, ndipo mwini nyumba anayimba foni. Ndodo zinalowa m'chikwama.

Amene anazitulutsamo ndi Mubanga, Mzambiya wa ku Matero, woyendetsa vani. Mubanga amachita lendi shedi ina pakati pa mashedi a makampani ku Coolock komweko. Bizinesi yake ndi yotumiza katundu kumudzi. Anthu amagula madiramu apulasitiki a buluu, n'kulongamo zovala, nsapato, mapoto ndi sopo, iye n'kumawasunga mpaka kontena idzaze. Koma mtima wake uli pa nyimbo. Kumapeto kwa shedi anadula kachipinda ndi matabwa, n'kuikamo kompyuta, maikolofoni, ndi ng'oma zakale zimene anatola kwa mzungu wina amene ankasamuka. Loweruka lililonse a Enos ankakwera mabasi awiri, kudutsa pakati pa madiramu, kuvula jekete, n'kukhala. Nthawi zambiri kunalibe woyimba. Ankangomenya okha, Mubanga akumanga katundu kunja.

Loweruka lina, anthu atayamba kutumiza za Khirisimasi, anapeza madiramu atasanjikizana mpaka kudenga, ena atatsamira chitseko cha kachipinda kaja.

"Ba Enos, tikambeko," anatero Mubanga m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Onani mweka. Mu shedi muno muli madiramu ya mitundu ibili. Aya ya blue yalipila rent. Aya yanu yapanga chabe chongo." Ankanena ng'oma zija ndi phokoso lake.

"Si anga. Ndi anu."

"Ndiye vamene nikamba, mudala. Ni yanga, manje nifuna malo. Computer na mic ningafake pa kona. Koma ivi vintu vanu vidya malo monga motoka."

A Enos anangoima, jekete ili m'manja.

"Nizamipasani chance," anapitiriza Mubanga. "Kuli nyimbo ya sister Getrude, uja musebenza naye. Mukaimenya bwino, bantu bamvele kuti live drums ni live drums, ma customer bazabwela, ng'oma zizankala. Ikakanga, nigulisa."

Getrude ndi mayi wa ku Ntcheu, wokhala ku Blanchardstown, ndipo amasamalira okalamba m'nyumba imodzi ndi a Enos. Mayi ake anamwalira iye ali kuno, maliro anaonera pa foni. Ndiye anapeka nyimbo yoti abale akaimve pa tsiku la chiliza. Mawu ake anali atajambula kale kwa Mubanga tsiku lina ataweruka.

Mubanga anawaveka a Enos mahedifoni. M'khutu munayamba kulira kanthu: ko, ko, ko, ko, kosatopa, kosapuma.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Ni click. Muzikonka chabe iyo."

"Nanga woyimba ali kuti?"

"Ali mu computer."

"Ndiye ine ndiziyang'ana chiyani?"

"Chipupa, mudala. Olo muziyangana ine, ndine handsome."

Anayesa. Zoona zake n'zakuti zinakanika, ndipo vuto silinali la kompyuta. Khutu lina linkatsata Getrude, lina linkatsata kanthu kogogodako, manja n'kusowa womumvera. Akati adikire mpweya wa Getrude, kanthuko kankawasiya. Akati akathamangire, ankam'ponda Getrude pakamwa. Kunja kunkazizira, koma malaya anachita kunyowa. Mubanga anawaitana kudzaona pa sikirini. Panali mizere yoongoka yoimirira, ndi timadontho toonetsa pamene ndodo yatera, kalikonse katagwera kuseri kwa mzere wake.

"Mwaona? Muchedwa. Paliponse muchedwa."

"Ndimachedwa dala."

"Apa sure ni dala. Koma apa na apa, awe, mwasoba chabe."

A Enos anayang'anitsitsa, n'kumveranso. Mubanga sankanama.

"Mundibweretsere mwini nyimbo," anatero. "Aime apa. Mukatero mudzamva."

Lolemba anam'peza Getrude m'khonde la kuntchito akukankha ngolo ya zofunda.

"Ankolo, Saturday ndili pa long day," anatero Getrude. "Sunday church, ana, kuchapa. Ndimayesa ndinayimba kale?"

"Munayimbira makina, mayi. Ine simunandiyimbire."

"Iii, ankolo, mwayamba liti kudzimva? Ndiye ndisiye shifiti ndikakuyimbireni inuyo?"

"Nyimbo ndi ya mayi anu. Ine ndingoperekeza."

Getrude anasiya kuseka. Anayerekeza masiku awo opuma, koma sankakumana. Iye akapuma, iwo ali pantchito. Masabata anadutsa mpaka mayi wina wa ku Philippines anavomera kusinthana naye tsiku.

Getrude anafika ku shedi masana, atatopa, n'kuvula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa. Mubanga anazimitsa kanthu kogogoda kaja monyinyirika.

"Ndiyang'ane kuti?" anafunsa Getrude.

"Uko. Mundifulatire."

"Kwathu kufulatira akulu ndi mwano."

"Muno ndi ulemu. Yambani mmene mukufunira, ndikupezani."

Getrude anayamba motsitsa. A Enos sanalowe msanga. Anaona khosi louma, n'kungokanda chitsulo cha pa ng'oma pang'ono kuti mayiyo adziwe kuti kumbuyo kuli munthu. Khosi linamasuka. Ndime yachiwiri anaithamangira, iwo n'kuthamanga naye, kenako n'kum'bweza mwaulemu. Nyimboyo inali ndi malo ena pamene Getrude amanena za bokosi likutsika m'manda, foni n'kuduka. Atafika pamenepo mapewa anakwera, osatsika. A Enos anaima ndodo ili m'mwamba. Phazi linkafuna kuponda, iwo analikaniza. Anadikira mpaka mapewa aja anagwa, mawu n'kutuluka, ndipo ndodo inatera pansi pa mawuwo ngati dzanja lolandira mwana.

Atamaliza, Getrude anakhala pansi pomwepo n'kubisa nkhope mu sikafu. Mubanga anavula mahedifoni, n'kungoti mogoma, "Mwandi." Tsiku limenelo a Enos anakwera mabasi onse awiri bondo osalimva.

Loweruka lotsatira anapeza Mubanga akukanda mutu. Nyimbo ija anali ataitumiza kwa Chanda, mnzake wa ku Lusaka, kuti aikemo kiyibodi, ndi kwa munthu wina wa gitala ku Lilongwe. Onse awiri anaibweza.

"Bakuti nyimbo iyenda monga minibus," anatero Mubanga. "Apa ithamanga, apa yaimilila kunyamula bantu. Sibaziba pofaka kwanja."

"Auzeni amvere."

"Bamvela, mudala. Koma sibamuona. Imwe munaona musana. Beve baona chabe ma line."

"Ndiye abwere."

Mubanga anaseka mpaka kutsokomola. "Na visa ya ndani?"

"Kuno kulibe wa gitala?"

"Aliko, Douglas. Ali pa nights ku warehouse. Wa bass anayenda ku Cork. Muzabafaka liti mu room imozi? Imwe na sister chabe, bantu babili ba pa nchito imozi, onani mwamene yavutila."

 Bandi ya situdiyo si anthu odziwa kuyimba chabe. Ndi anthu amene amadzuka m'mawa n'kupita kuchipinda chimodzi, lero, mawa ndi mkuja, mpaka wina akangoweramitsa mutu anzake adziwe kuti tikutsika. Kuno aliyense ali ndi shifiti yake, basi yake, ndi anthu ake kumudzi amene akudikira. Oyimba alipo ndithu, chipinda nacho chinalipo. Tsiku loti onse akhalemo ndi limene kulibe, ndipo palibe amene angaligule.

Tsiku la chiliza linali pafupi, ndipo Getrude ankafunsa za nyimbo yake m'mawa uliwonse. Mubanga anati abwerera ku mawu oyamba aja, ojambulidwa ndi kanthu kogogoda, chifukwa amenewo Chanda angawatsate.

"Manje nipempako chintu chimozi," anatero. "Sound ya kwanja yanu ni yabwino, ija siningaipeze pa internet. Menyani chabe kamozi kamozi. Iyi kamozi, iyi kamozi. Vinangu nizapanga neka."

A Enos anamva bwino lomwe chimene chikupemphedwa. Akamenya kamodzi, kompyuta isunga kulirako, ndipo Mubanga azikuika pa mzere uliwonse umene akufuna, m'nyimbo iyi ndi zina zobwera, iwo ali ku Crumlin kapena akusambitsa munthu. Ng'oma sizidzafunikanso. Akakana, ng'oma zipitabe, ndipo nyimbo ya mayi ake a Getrude ituluka ndi ng'oma zotola pa intaneti. Anakhala pakampando paja kufunafuna njira yachitatu. Sanaipeze.

"Ija tinajambula ndi mayi aja musaifufute."

"Sinizafuta. Izankala mu computer."

"Aimva ndani mmenemo?"

Mubanga anayamba kukonza waya wa maikolofoni.

A Enos anatenga kiyi n'kukunga chikopa cha ng'oma yaing'ono mpaka chinalira mmene amafunira. Anakweza ndodo. Kumenya kamodzi, popanda chochokera kumbuyo kapena chobwera kutsogolo, n'chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Panalibe woti am'dikire. Anamenya.

"Nice. Manje softly."

Anamenya mofatsa.

"Manje ya kwendo. Eya. Manje chisulo chija chikulu, muchileke chilile mpaka chisile."

Chinalira mpaka chinatha. Ntchito yonse inatha tiyi wa Mubanga asanazizire.

M'sabata yomweyo ng'oma zinakwera vani, kampando komwe, kupita kwa mzungu wina amene anazifunira garaja yake. Mubanga si munthu woipa. Anawauza a Enos kuti azibwerabe kudzacheza. Anapitako kamodzi, n'kupeza matabwa a kachipinda atagumulidwa, kompyuta ili pakona itafunditsidwa nsalu. Anathandiza kukweza katundu wa anthu m'vani, n'kubwerera kusanade.

Patapita masabata, ali m'chipinda chopumira kuntchito akudya buledi, Getrude analowa foni ili m'manja.

"Ankolo! Inatuluka ija! Ku Ntcheu anthu analira, eti. Achimwene akuti ng'omazo zikumveka ngati za makaseti akale. Tamverani."

Anaika foni patebulo. A Enos anasiya kutafuna. Kulira kwake kunali kwawo ndithu, chikopa chimene anakunga okha, kulemera kwa dzanja lawo. Koma ndodo iliyonse inkatera pa mzere peni peni, yofanana ndi inzake ngati njerwa za chikombole chimodzi. Pamene Getrude ankakoka mpweya pa mawu a bokosi paja, ng'oma inangodutsa, osam'dikira.

"Ndinawauza kuti amenya ndi ankolo anga a ku Bangwe," anatero Getrude. "Si inu nanga?"

"Dzanja ndi langa. Koma ine kunalibe."

"Iii, ankolo, inu ndi mavuto. Munthu kukuthokozani mpaka mlandu?" Anatenga foni yake akuseka. "Tamverani, ndili ndi ina ya Easter. Imeneyo ndiye yovina. Mudzamenyanso, eti?"

A Enos anapinda pepala la buledi, n'kuliika m'thumba.

"Imeneyonso ndamenya kale, mayi."

Getrude anawayang'ana, osamvetsa. Belu la m'chipinda china linayamba kulira m'khonde. A Enos anagwira tebulo, n'kudzuka, bondo likukana, n'kupita kukaona amene akuitana.